Kunyamula tayala lakutsogolo pa njinga yamoto ya 125cc: kodi n'zotheka osaiwononga?

Mlangizi_Area36 analemba kuti:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa pa njinga zamoto zoyenda pa tala ndi m'misewu yafumbi momwe. Ndili ndi Honda XR125L imene ndinagula kwa munthu amene anali atayendapo kale, ndipo ndimanyamuka nayo ku Area 36 kupita m'midzi ya cha ku Mitundu ndi ku Malingunde, kumene ndimagwira ntchito ndi magulu a alimi. M'chilimwe vuto limakhala fumbi lokha, koma mvula ikakhazikika mu Disembala madzi amadula njira zija n'kusiya tingalande topingasa, mizu ya mitengo imatulukira pamtunda, ndipo ngolo za ng'ombe zimakumbanso pamene madzi anasiya. Tayala lakutsogolo likagwera m'kangalande kotero njinga imaima mwadzidzidzi, mahandulo amagwedeza manja mpaka m'mapewa, ndipo katundu wa pakaliyala amathamangira kumsana kwanga.

Ndaonapo pa YouTube anthu akuchita wheelie, kutanthauza kuyenda tayala lakutsogolo lili m'mwamba, ena mongodzionetsera, koma ena pofuna kudumphitsa tayala lakutsogolo pa chipika kapena pa ngalande, ndipo chachiwirichi ndi chimene ndikufuna kuphunzira. Njinga za m'mavidiyomo n'za injini zikuluzikulu ndiponso zokwera mtengo, pamene yangayi ikamakwera chitunda ili ndi katundu imafuna giya yachiwiri. Kodi ya 125cc ingathe kunyamula tayala, kapena ndingopsereza kilatchi pachabe? Mnyamata wina wogulitsa zipangizo za njinga mu Malangalanga anandiuza kuti ndiyambe ndasintha sipuloketi, kagudumu ka mano kamene tcheni chimayendapo, ndiye ndikufuna kumva ngati zimenezo n'zofunikadi. Mundiuzenso chimene chimayamba kuwonongeka, chifukwa njingayi ndiyo imandidyetsa, ndipo ndalama zokonzetsera mwezi ndi mwezi ndilibe.

Wanjinga_Area49 anayankha kuti:

Achimwene, njinga yanuyo ikhoza kunyamula tayala bwinobwino, koma siingachite zimenezo ndi moto wokha. Injini za 125cc ndi 150cc za mtundu wa four-stroke, monga yanuyo, zimatulutsa mphamvu ya pakati pa 10 ndi 12 horsepower, pamene njinga payokha imalemera makilogalamu oposa 120, ndiye pamenepo muwonjezerepo thupi lanu. Kumbukiraninso kuti Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, kumene mpweya ndi wopepukirapo kusiyana ndi wa kugombe la nyanja yamchere, moti injini imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yake. N'chifukwa chake munthu amene amapotokola moto mpaka kumapeto n'kumakoka mahandulo ndi manja amangotopa, tayala osachoka pansi. Pa njinga yaing'ono tayala limanyamuka pamene kubwerera kwa mafoloko (mashoko aatali ogwira tayala lakutsogolo), kutaya kwa kilatchi ndi kusuntha kwa thupi zachitikira nthawi imodzi.

Musanaganize zonyamula chilichonse, yambani ndi phazi lakumanja. Buleki yakumbuyo ndiyo imatsitsa tayala lakutsogolo, ndipo munthu amene phazi lake silinazolowere kuponda palokha, mutu usanaganize, ndi amene amagwa chagada njinga n'kumugwera pamwamba. Tayala likakwera kuposa mmene munthu amayembekezera, chimene thupi limachita ndi kuchotsa mapazi onse pazopondera kuti afune pansi, ndipo pamenepo buleki imakhala yopanda woiponda, dzanja nalonso likukoka moto chifukwa munthu akulendewera ku mahandulo. Chizolowezi chimenecho chimachoka ndi kubwerezabwereza basi. Yendani pang'onopang'ono mu giya yoyamba, pa liwiro la munthu woyenda pansi, zala ziwiri zili pa kilatchi ndipo nsonga ya nsapato ili pa buleki, mpaka mutadziwa malo enieni amene kilatchi imayambira kugwira. Mukamatha kuyenda mozungulira chotero osatsitsa phazi komanso injini osazima, ndiye kuti mwakonzeka.

Malo ophunzirira asankheni mosamala. Mufunika dothi louma ndi lolimba, lopanda miyala, lopanda ana osewera pafupi, ndipo ngati pali kokwera pang'ono n'kwabwino chifukwa kulemera kumakhala kutapita kale kumbuyo. Katondo wathu wa kuno akauma amagwira tayala bwino kwambiri, koma akangonyowa pamwamba amaterera, ndipo tayala lakumbuyo limangozungulira n'kuthawira kumbali. Mchenga ndi udzu wa mame nazonso n'zosathandiza.

Kachitidwe kake ndi aka. Mwakhala chakumbuyo kwa chishalo, muli mu giya yoyamba, mukuyenda pang'onopang'ono. Kokani kilatchi, ndipo nthawi yomweyo kanikizani kutsogolo kwa njinga ndi thupi lanu, kapena gwirani buleki yakutsogolo pang'ono n'kuitaya, kuti mafoloko alowe. Akalowa amabwerera okha ngati nsungwi yopindidwa mukaitaya, ndipo kamphindi kamene akubwererako ndi kamene mumawonjezera moto n'kutaya kilatchi mwachangu, chiuno chikupita kumbuyo, mikono itawongoka. Musapinde zigongono kuti mukokere mahandulo pachifuwa, chifukwa mukatero chifuwa ndicho chimapita kutsogolo ndipo mumapondereza tayala limene mukufuna kunyamulalo. Mukachedwa pang'ono, mafoloko atabwerera kale, njinga imangothamangira kutsogolo. Mukafulumira, mafoloko akadali kulowa, palibenso chimene chimachitika. Luso lonse lagona pa kamphindi kameneko, ndipo simufunika moto wambiri monga mmene anthu amaganizira.

Poyamba tayala lichoke pansi kutalika kwa chikhatho chokha, ndipo nthawi iliyonse likanyamuka mulitsitse ndi buleki yakumbuyo, ngakhale likanatsika lokha. Ambiri amaona ngati zimenezi n'zachibwana ndipo amazidumpha, koma ndi mmene phazi limaphunzirira. Kukoka kilatchi nakonso kumadula mphamvu yopita ku tayala, choncho muli ndi njira ziwiri zodzipulumutsira. Mukazolowera, phunzirani kutsitsa mofewa, mahandulo atalunjika kutsogolo ndipo moto ukadalipo pang'ono, kuti tayala lisamenye pansi.

Ku ntchito imene mukufunayo simudzafunika kufika pamene njinga imaima yokha pa tayala limodzi. Pa kangalande kapena pa muzu mumachita zomwezi mutaimirira pazopondera, mawondo atapindika, ndipo pokanikiza mafoloko mumagwiritsa ntchito miyendo. Tayala lakutsogolo likangowoloka, chepetsani moto ndipo lolani miyendo ilandire kugunda kwa tayala lakumbuyo, apo ayi chishalo chidzakumenyani n'kukuponyerani ku mahandulo. Ngalande imene simukuona pansi pake chifukwa cha madzi, kapena yotakata kuposa tayala lenilenilo, imani muione kaye, ndipo ngati n'kofunika muwolotse njinga mukuikankha.

Makaniko_wa_ku_Biwi anayankha kuti:

Bambo, zimene anena a Wanjinga n'zoona, ine ndingowonjezera zimene timaona tikamasula njinga za anyamata okonda masewerawa.

Anthu amaopa kilatchi, koma si imene imayamba kufa. Kilatchi ya njinga zimenezi imakhala m'oyilo, ndipo imapirira kutayidwa mwachangu kusiyana ndi kuigwira theka kwa nthawi yaitali injini ikulira. Imapsa msanga pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi waya womangidwa kwambiri, moti chogwirira chilibe mpata wosewera. Buku la Honda limanena kuti kunsonga kwa chogwiriracho kuzikhala mpata wa mamilimita 10 mpaka 20 waya asanayambe kukoka, ndipo mpatawo ukatha kilatchi imaterera ngakhale mutaitaya yonse. Chachiwiri ndi oyilo wa galimoto, amene ena mwa iwo amakhala ndi mankhwala oterereretsa osayenera kilatchi ya m'oyilo. Yang'anani pa botolo ngati palembedwa JASO MA, chizindikiro cha oyilo woyenera kilatchi yotere, ndipo oyilo wa m'zigubu zopanda dzina amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu mumupewe.

Zimene zimawonongekadi zili kutsogolo, ndipo chimaziwononga ndi katsikidwe, osati kakweredwe. Tayala likamamenya pansi mobwerezabwereza, mabelingi a pakhosi pa njinga amachita timaenje, ndipo mumayamba kumva mahandulo akukodwa pakati mukamakhota pang'onopang'ono. Kuti muone, ikani njinga pa chipika tayala lakutsogolo lili m'malere, tembenuzani mahandulo uku ndi uku, kenaka gwirani mafoloko m'munsi n'kuwagwedeza kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva kugogoda ndiye kuti pakhosi pamasuka. Chotsatira ndi masilo a mafoloko, timphira totsekera oyilo kuti asatuluke. Mukaona mzere wa oyilo wogwira fumbi pa chitsulo chonyezimira chija, musachedwe nawo, chifukwa oyiloyo amatsikira ku buleki yakutsogolo ndipo buleki yonyowa ndi oyilo siigwira. Masipoko nawonso amamasuka. Muziwagogoda limodzilimodzi ndi sipanala: lomangika limalira mokweza, lomasuka limalira mogonthera, ndipo mukalisiya anzake amatsatira mpaka limu kupindika.

Tcheni chimalandira kukoka kwadzidzidzi nthawi iliyonse mukataya kilatchi. Njinga zambiri za msinkhu uwu zimayendera tcheni cha 428, ndipo zotsika mtengo zimene zadzaza m'mashopu zimatalika msanga. Chikhale ndi mpata umene buku likunena, osachimanga kwambiri, chifukwa pa njinga ya mashoko aatali tcheni chimakungika shoko ikalowa. Onaninso kachitsulo kotsekera polumikizira tcheni: mbali yake yotseka iyenera kuloza kumene tcheni chikupita.

Pali chinthu china chimene anyamata oyenda mtunda wautali pa tayala limodzi sachidziwa. Injini zimenezi zimanyamula oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo njinga ikaimirira nthawi yaitali oyiloyo amathawira kumbuyo, pampu imatha kukoka mpweya, ndipo pamwamba pa injini pamayenda pouma. Kunyamula kwa sekondi imodzi kapena ziwiri kumene inu mukufuna sikufika pamenepo, bola oyilo akhale pa mzere wake.

Buleki yakumbuyo ya njinga yanuyo ndi ya dilamu. Musanayambe kuphunzira, mangani nati ya kumapeto kwa ndodo ya buleki kuti igwire phazi lisanatsike kwambiri, ndipo yang'anani kamuvi kosonyeza kutha kwa mashuzi, amene amagwira m'kati mwa dilamu mukaponda buleki. Ngati mashuzi atha kapena m'dilamu mwalowa matope, konzani zimenezo poyamba. Pa za sipuloketi, ine ndinganene kuti kuika yakutsogolo yochepa ndi dzino limodzi kumathandiza munthu woyenda m'matope ndi katundu, ndipo mtengo wake si wolemetsa.

Mayi_Namwino anayankha kuti:

Bambo Mlangizi, ine sindiyendetsa njinga koma ndimasamalira ovulala pa njinga, ndipo ndikupempha kuti mbali imeneyi isasowe m'kukambiranaku. Chichulukireni njinga za kabaza mumzinda muno, anthu othyoka mafupa chifukwa cha njinga zamoto ndi ambiri m'zipatala zathu, ndipo amene avulala kwambiri amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ndi ku LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo chimene chili pomwepo. Kuchira kwa fupa la mwendo kumatenga miyezi, ndipo m'miyezi imeneyo munthu amene amadya chifukwa cha njinga sapeza kanthu. Munthu wogwa chagada amavulala pamsana ndi kunkhongo, wogwa cham'mbali amathyoka fupa la paphewa kapena dzanja potchinjiriza, ndipo njinga ikamugwera, kakolo amaphwanyika ndipo ekizozi imawotcha katumba. Zonsezi zimachitika ngakhale pa liwiro laling'ono.

Choncho ngati mwatsimikiza kuphunzira, valani chisoti chotseka chibwano chomwe ndipo mumange lamba wake, chifukwa chisoti chosamanga chimavuka munthu asanafike pansi. Valani nsapato zolimba zophimba akakolo, magolovesi, buluku lokhuthala ndi zotetezera mawondo ngati mungazipeze, ngakhale za pa kaunjika. Musapite nokha, pakhale munthu wamkulu amene angakuchotseni njinga pamwendo n'kukuthamangitsirani kuchipatala.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi anyamata amene adzawerenga malangizowa n'kukawayesa pa Bypass kapena pa M1 cha ku Kanengo, pakati pa mathiraki, ena atanyamula munthu kumbuyo. Tayala lakutsogolo likakhala m'mwamba njinga siikhota ndipo buleki yakutsogolo ilibe ntchito, moti mwana akadumpha msewu palibe chimene woyendetsa angachite. Lamulo la pamsewu la 1997 limaletsa kuyendetsa mosasamala, ndipo apolisi a pamsewu ali ndi mphamvu yogwira munthu wotero. Ndikupempha inu odziwa kuti mukamaphunzitsa achinyamata muzinena zimenezi mosabisa.

Wa_DT125_Likuni anayankha kuti:

Mayi anena zoona, ndipo pa tala masewerawa alibe malo. Koma pa za sipuloketi ndikusiyana nawo a Makaniko. Tiyerekeze kuti sipuloketi yakutsogolo ili ndi mano 15 ndipo mwaika ya 14: mphamvu yokoka imakwera ndi pafupifupi 7 peresenti, koma liwiro limatsika ndi mlingo womwewo, moti pamene mumayenda makilomita 90 pa ola mudzayenda 84 injini ikulira chimodzimodzi. Kwa munthu amene amayamba wadutsa tala wa msewu wa ku Bunda asanalowe m'fumbi, zimenezo zikutanthauza injini yolira kwambiri ndi petulo wochuluka tsiku lililonse, pofuna kuthandiza chinthu cha sekondi imodzi. Sipuloketi yaing'ono imapindanso tcheni kwambiri ndipo chimatha msanga. Giya yoyamba ya njinga zimenezi ndi yotsika kale mokwanira.

Ndichenjezenso amene ali ndi Yamaha DT125 monga ine kuti malangizo a moto asawatenge mmene alili. Injini ya DT, imene ndi ya mtundu wa two-stroke, imakhala yofooka pansi kenaka mphamvu imabwera mwadzidzidzi ikakwera, ndipo njingayo ndi yopepuka, choncho moto umene ungonyamula XR pang'ono ukhoza kuigudubuza DT chagada. Za kabaza monga Boxer ndi Lifo mafoloko ake ndi aafupi ndipo sizinapangidwire zimenezi.

Mlangizi_Area36 anayankha kuti:

Zikomo kwambiri nonse, ndipo Mayi, mawu anu ndawamva. Nsapato ndi magolovesi ndigula ndisanayambe. Sipuloketi ndiisiya kaye mmene ilili. Ndatsala ndi mafunso awiri kwa a Wanjinga kapena a Makaniko. Nthawi zambiri pakaliyala pamakhala bokosi la mabuku ndi timatumba ta mbewu, ndiye kodi katunduyo amathandiza kapena amasokoneza? Ndamvanso kuti ena amaphwetsa tayala lakumbuyo pang'ono kuti ligwire dothi, kodi ndi bwino kutero pa njinga imene tsiku lomwelo iyendanso pa tala?

Wanjinga_Area49 anayankha kuti:

Achimwene, katundu wa pakaliyala amapepukitsa kutsogolo, choncho tayala limanyamuka msanga, koma chimenecho ndicho choopsa chake. Kaliyala ali kumbuyo kwenikweni, pamwamba pa tayala lakumbuyo kapena kupitirira, ndipo njinga ikayamba kukwera katunduyo amaikokera chagada mofulumira kuposa mmene munazolowerera. Bokosi limatsekanso malo amene chiuno chimafuna kupita, ndipo zinthu zikavuta simungatsikire kumbuyo chifukwa lakutchingani. Phunzirani njinga ili yopanda kanthu. Mukadzafika poti phazi likuponda lokha, ikani katundu wochepa womangidwa zolimba ndi malamba a mphira, wolemera akhale pafupi ndi chishalo, ndipo muyambirenso pa kutalika kwa chikhatho kuti mumve mmene njinga yasinthira. Muli ndi katundu wolemera, kupepukitsa tayala kuti lingokhudza m'mphepete mwa ngalande n'kokwanira, ndipo nthawi zambiri kuimirira, kusunthira kumbuyo ndi kuwonjezera moto pang'ono kumachita zimenezo popanda kilatchi.

Pa za mpweya, kuchepetsa pang'ono kumathandizadi pa dothi chifukwa tayala limagwira malo aakulu, koma njinga zathuzi zili ndi machubu ndipo zambiri zilibe chitsulo chija chomangira tayala ku limu chimene njinga za mpikisano zimakhala nacho. Mpweya ukachepa kwambiri, mukataya kilatchi limu limazungulira, tayala n'kutsalira m'mbuyo, chubu chimakokeka, ndipo vavu imang'ambika patsinde, pamene sipamatika. Chizindikiro chake chimaoneka msanga: vavu imene inali yowongoka imayamba kupendekeka. Mukaona zimenezo phwetsani tayala, libwezereni pamalo pake, ndipo kanati ka pa vavu musakamange mpaka ku limu, kuti vavu izipendekeka m'malo mong'ambika. Tayala lofewa limatsinanso chubu mukagunda mwala kapena m'mphepete mwa dzenje, ndipo pa tala, muli ndi katundu, limatentha n'kumayendetsa njinga mopepera. Popeza ulendo wanu umayamba ndi tala n'kuthera m'fumbi, siyani mpweya pa mlingo umene walembedwa pa kapepala komata pa njingayo kapena m'buku lake. Ngati mukufuna kuchepetsa pa tsiku lophunzira, tengani geji ndi pampu yamanja, ndipo mupope musanabwerere pamsewu.